Mkanjo Uja Si Wathu

Ilford, Loweruka masana

Tamanda mwana wanga,

Iwe ndi amayi ako mwapita kukagula bulangete lachitatu, ngati kuti ku Greenwich kumazizira mosiyana ndi kuno ku Ilford. Ine ndanamizira msana kuti nditsale. Msana ulibe kanthu. Ndimafuna nyumba ikhale zii kuti ndikulembere kalatayi. Ndikulemba m'Chichewa dala. Chichewa umachimva bwino lomwe ngakhale umatiyankha m'Chingerezi, ndipo powerenga umapita pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ndi zomwe ndikufuna. Ndikanalemba m'Chingerezi ukanangoithamangira ngati uthenga wa pafoni, n'kundiuza kuti, "Noted, Dad." Ndiisiya pa pilo wako. Uiwerenge lero lomwe, chifukwa mawa pageti pa koleji pachitika zinthu zimene sindifuna kuti zikudzidzimutse.

Ndiyambe ndi chowawa. Mkanjo wakuda uja umakhala pamwamba pa wodilopu sindikupatsa. Ndikudziwa kuti zikupweteka. Unayamba kuuvala uli ndi zaka zisanu, ukuukoka pansi pabalaza ponse, ukulalikira zidole zako kuti zilape. Tsiku limene kalata inabwera yoti koleji yanga yomwe ija yakulandira, unakwera pampando n'kuutsitsa wekha, n'kujambulitsa chithunzi chotumiza kwa azakhali ako ku Lilongwe. Unati, "Dad, ndikavala wanuwu." Ine ndinangomwetulira osayankha, iwe n'kumaganiza kuti chimwemwe chanditseka pakamwa. Anali manyazi, mwana wanga. Mkanjo umene uja si wanga, ndiye sindingakupatse. Werenga mpaka kumapeto usanakwiye. Ukamaliza, ukwiye mmene ungathere.

Uyenera kudziwa kaye nyumba imene ukulowa. Koleji ija anaimanga ndi a mpingo wathu wa Angilikani kalekale, kuti anyamata obwera kudzaphunzira ku yunivesite mu London muno asamwazikane m'nyumba za lendi, koma azigona pamodzi, kudya pamodzi ndi kupemphera pamodzi. Maphunziro ukachita ku yunivesite. Kukoleji n'kogona, kodyera ndi kokulira. Poyamba ankalandira amuna okhaokha, ambiri ofuna unsembe kapena uphunzitsi. Akazi anali atangoyamba kumene kulowa pamene ine ndinkafika, ndipo madoda ena akale anali akung'ung'udzabe. Akanakuona iwe ndi pakamwa pakopo akanakomoka. Nthawi ya nkhondo bomba linagumula mbali imodzi ya holo yodyera. Ukakhala pansi ukayang'ane khoma la kumanzere, uona kuti njerwa zake n'zofiira kuposa zinzake.

Mwambo wa mkanjo unayamba nkhondoyo itatha. Nsalu inkasowa, ndiye omaliza maphunziro anayamba kusiyira atsopano mikanjo imene ankavala pachakudya chamadzulo. Nsalu inadzapezeka, koma mwambo unakhala, ndipo umayenda motere. Wa chaka choyamba savala mkanjo. Amakhala patebulo la kukhomo, pamene pamawomba mphepo, mapewa ali pamtunda. Aliyense amapatsidwa wophunzira wa chaka chomaliza womuyang'anira, amene amamutcha kholo lake la pakoleji. Pachakudya chotsekera chaka, mkulu wa koleji amaitana atsopano aja mmodzimmodzi. Woitanidwa amaima pakati pa holo, kholo lake n'kubwera, kuvula mkanjo wake n'kumuveka. Asanatero, khololo limakhala litasoka dzina lake m'kati mwa kolala ndi ulusi wofiira, ndi manja akeake. Zimenezi sindinakuuzepo, ndipo ukapitiriza kuwerenga udziwa chifukwa chake.

Cholakwa changa choyamba kumeneko chinali cha m'mbale. Ndinafika ndi thandizo la mpingo, mwana wa katekisiti wa ku Nkhotakota, nditavala suti ya amalume yondikulira m'mapewa. Belu litalira tinalowa m'holo. Mkulu wa koleji analowa ndi aphunzitsi, tonse tinaimirira, iye anamenya tebulo ndi kanyundo kamtengo n'kupemphera m'Chilatini mawu awiri okha. Ine n'kuti nditangotsinzina kumene, kukonzekera pemphero lenileni ngati la agogo ako, lija ndiwo zimazizira lisanathe. Potsegula maso, anzanga ali pakati pa supu. Ndiye ndinati, ine ndinaleredwa, sindingadye mothamanga akuluakulu a kutebulo lapamwamba asanakhute. Ndinkangotola pang'onopang'ono, maso ali kwa iwo. Sindinkadziwa kuti mkulu uja amadya ngati akuthamangira basi, ndipo akangomenyanso kanyundo kaja, chakudya chatha kwa aliyense. Mbale yanga inapita ndi nyama yonse. Masiku atatu zinachitika chimodzimodzi. Amati safunsa anadya phula, koma ine ngakhale phulalo sindinalilawe.

Amene anazindikira ndi kholo langa la pakoleji, mnyamata wamtali wa ku Wales dzina lake Gareth. Tsiku lachinayi anasiya malo ake n'kudzakhala nane patebulo la kukhomo.

"Kodi chakudya chathu chakukanika?" anandifunsa.

"Ayi, ndikudikira akuluakulu."

Anaseka mpaka misozi. "Akuluakulu ajatu sakudikira iwe. Idya, ndikufotokozera ukutafuna."

Ndiye Tamanda, uzifunsa. Ukafunse tsiku loyamba lomwe, pamene umbuli sunayambe kuchititsa manyazi. Ukafunse amayi a kukhitchini ndi mlonda wa pageti, chifukwa iwo amaidziwa koleji ija kuposa mkulu wake. Iwe unabadwira kuno, ndipo ukuganiza kuti Angerezi ukuwadziwa. Ukuwadziwa a ku Ilford. A m'holo ija ali ndi zawo, ndipo zambiri sizinalembedwe paliponse.

Cholakwa chachiwiri chinali cha chitseko. Kumene kuja, ikakwana folo koloko masana, munthu amaika nsapato pakhomo kuti chitseko chisatsekeke. Aliyense wodutsa m'khonde akaona nsapato amalowa n'kumwa tiyi. Ine changa chinkakhala chotseka. Ndinali ndi kapu imodzi, mkaka ndinalibe, bisiketi ndinalibe, ndipo kwathu mlendo sumulandira ndi madzi otentha okha. Ndinkamva anzanga akuseka m'zipinda zina, ine ndili phee pabedi ngati wodwala. Likafika Lachisanu ndinkathawira ku Edmonton, kunyumba ya anamwino achimalawi, n'kumakadya zakwathu ndi kucheza m'Chichewa mpaka Lamlungu. Pamenepa sindidandaula kwenikweni, poti n'komwe ndinakumana ndi amayi ako. Koma pofika Khirisimasi, m'khonde monse ankati Mmalawi uja ndi wonyada. Ine wonyada, ndi kapu yanga imodzi!

Gareth anagogoda tsiku lina kapu yake ili m'manja. Sanandilalikire. Anangowerama n'kutola nsapato yanga pansi pa bedi, kuipanikiza pakhomo, n'kukhala pawindo. Pasanathe mphindi khumi m'chipinda munali anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ndi kapu yake, wina ndi mkaka, wina ndi buledi wophwanyika amene anabisa m'thumba kuchokera kuholo. Palibe amene ankayembekeza kuti ine ndiwadyetse. Iwo ankangofuna khomo lotsegula.

Ukaike nsapato pakhomo, Tamanda, sabata yoyamba yomwe. Ndipo tamvera bwino apa, chifukwa amayi ako sadzagwirizana nane. Kuchokera ku Greenwich kudzafika kuno ndi sitima ziwiri basi, ija yoyenda yopanda dalaivala ndi ija amaitcha Elizabeth. Kuyandikira kumeneku ndiye msampha wako. Amayi ako adzakuimbira Lachinayi lililonse kuti munthu wabwera kuchokera kumudzi ndi chambo chouma. Udzawayankhe mwaulemu kuti ubwera mwezi ukatha. Ine ndidzakusowa kwambiri, ndikunena mosabisa, ndipo mwina ndidzakuimbiranso ndi mawu achisoni. Usadzandimvere. Nkhani zimene udzaseka nazo ndi anzako uli ndi imvi zimachitika Loweruka, ndipo Loweruka limenelo uyenera kukhala uli komweko.

Cholakwa chachitatu ndinachichita m'kachalichi ka pakoleji. Poti ndinali mwana wa katekisiti, wodziwa mapemphero onse pamtima, ndinkadziona ngati mwini nyumba. Nditamva kuti mtsikana amene ankaimba belu la mapemphero a madzulo ankanena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, ndinapsa mtima n'kukadandaula kwa wansembe wa koleji. Anali bambo wachikulire wosamva khutu limodzi. Anandimvetsera ndi khutu labwinolo, kenaka anati:

"Iwe, masabata anayi apitawa unabwera kangati Lamlungu?"

"Ndinali ku Edmonton, Bambo."

"Iyeyo chiyambire sanaphonyepo belu. Mulungu adzakambirana naye yekha. Iwe ndikufuna uwerenge mawu Lachitatu."

Ndinatuluka makutu akuyaka. Kumene kuja ukakhala ndi Asilamu, Ahindu ndi osapemphera konse, ndipo ena mwa iwo adzakuposa chifundo. Iwe uzipita kumapemphero, uziimba ndi mawu ako onse, koma chikhulupiriro cha mnzako usachiike pasikelo.

M'kachalichi momwemo muli thabwa lalitali lolembedwa mayina a ophunzira akale amene anapita kukatumikira kumayiko akutali, ena kwathu komwe. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira oyambitsa koleji amawerenga mayinawo. Chaka china anandipempha kuti ndinenepo mawu, poti ndinali wochokera kumeneko. Ndinaimirira n'kuthokoza, basi. Kuthokozako kunali koona. Koma ndinkadziwa kuti pambali pa mzungu aliyense wa pathabwa paja panali aphunzitsi ndi akatekisiti akuda amene anayenda mitunda yomweyo wapansi, namasulira, naphunzitsa, naika maliro, ndipo mayina awo sanalembedwe pathabwa lililonse. Ndinaopa kuoneka wosayamika. Iwe mantha amenewo ulibe, ndimadziwa ndi mmene umandipanikizira patebulo pano. Akadzakupempha kuti ulankhule, udzathokoze, kenaka udzatchule dzina la agogo ako. Zonse ziwiri zimakwana m'kamwa limodzi.

Tsopano za mkanjo. Chaka changa choyamba chitatha, dzina langa linaitanidwa. Ndinaima pakati pa holo. Gareth anabwera, anavula mkanjo wake n'kundiveka, akundikonza kolala ngati mayi. Anandinong'oneza kuti, "Sindikukupatsa. Ndikukubwereka zaka ziwiri." Holo yonse inamenya matebulo ndi zikhato. Nditafika kuchipinda ndinautembenuza n'kuwerenga mayina. Anali khumi ndi atatu, lomaliza la Gareth, loyamba litafwifwa moti zilembo zina zinali zitathothoka. Dzanja la mkanjowo la kumanzere linali ndi kachiboo kopsa ndi kandulo, kaja unkakonda kulowetsamo chala uli mwana. Ndinalira, Tamanda. Chichokereni kwathu, aka kanali koyamba kumva kuti ndili pamzere wa anthu, wina patsogolo panga, wina akubwera pambuyo.

Wobwera pambuyoyo anali Colin. M'chaka changa chomaliza anandipatsa iyeyo kuti ndikhale kholo lake. Anali wochokera kukatauni ka asodzi kumpoto kwa dziko lino, woyamba pabanja pawo kufika ku yunivesite, wachibwibwi, wamanyazi kuposa mmene ndinaliri ine. Ndinamulera bwino, zimenezo ndinganene mosadzichepetsa. Ndinamuphunzitsa kudya mothamanga. Ndinaika nsapato yake pakhomo ndi dzanja langa. Atalephera mayeso oyamba n'kulongedza katundu kuti abwerere kwawo, ndinakhalira sutikesi yake mpaka sitima inamusiya. Ankandikhulupirira mnyamata ameneyo. Pachakudya ndinkamuona kuchokera kutebulo langa akuyang'ana mkanjo wanga, kenaka n'kuzyolika.

Kutatsala milungu itatu kuti titseke, kalata inabwera kuchokera kwa agogo ako. Maso awo anali atayamba kuchita khungu. Analemba kuti, "Zithunzi sindizionanso bwino. Ubwere nacho chovala cha maphunzirocho kuti ndichigwire ndi manja." Iwe sunawaone agogo ako, koma dziwa kuti munthu ameneyo anayenda panjinga zaka zambiri kukapempherera odwala m'midzi, ndipo sanandipemphepo kanthu. Ichi chinali choyamba. Njira yolunjika inalipo. Ndikanatha kumuveka Colin pamwambo, mawa lake n'kumupempha kuti andibwereke mwezi umodzi. Akanavomera asanamalize n'komwe chibwibwi chake. Ndikanatha kufunsa Gareth, kapena wansembe uja. Koma ndinali ndi manyazi akuti azungu andiseka kuti bambo ake akufuna kusisita nsalu yakale. Pansi pa manyaziwo panali chinanso chimene ndachivomera mochedwa: ndinkaufuna mkanjowo. Ndinkati ndauvutikira, ndi wanga, ndikayende nawo pamsewu wa kwathu anthu aone.

Tsiku la chakudya chotsekera ndinatumiza uthenga kuti ndatsegula m'mimba. Mkanjo n'kuti uli kale pansi pa sutikesi. Chipinda changa chinali pafupi ndi holo, ndiye ndinkamva zonse. Dzina likaitanidwa, pakapita kamphindi, matebulo ankagunda. Dzina lina, matebulo. Kenaka ndinamva dzina la Colin. Ndinadikira. Kunali zii. Mkulu anaitananso dzina langa, kawiri. Kunali zii kwa nthawi imene sindingaiyeze, kenaka anaitana wotsatira. Ndinamva pambuyo pake kuti Colin anaima pakati paja yekha, manja ali m'mbali, akuyang'ana kukhomo, mpaka wansembe uja anapita kukamugwira mkono n'kumubweza pamalo pake. Chaka chotsatira koleji inamugulira mkanjo watsopano wa m'sitolo, wopanda dzina ngakhale limodzi. Ine, mawa lake la chakudya chija, ndinanyamuka m'mamawa ulendo wa ku Nkhotakota osatsanzika aliyense.

Agogo ako anaugwira mkanjo uja. Anausisita monse, anakondwa, anaitana oyandikana nawo. Kenaka zala zawo zinafika pakolala n'kumva ulusi.

"Izi n'chiyani?"

"Mayina a amene anauvala kale, bambo."

"Lako lili pati?"

"Sindinasoke."

Anapapasa dzina lililonse mpaka kumapeto. "Pali malo otsala apa," anatero. "Eni ake akudziwa kuti chili kuno?"

Ndinawanamiza kuti akudziwa. Sanatsutse. Koma tsiku lobwerera ku London anaupinda okha, n'kuuika m'manja mwanga, nati, "Za tchalitchi sizigona pakhomo pa munthu. Ukafikitse." Ndinati ndikafikitsa.

Zimenezo ndi zaka makumi atatu zapitazo. Ndinati ndikapeza kaye ntchito. Ndinaipeza ku labu ya chipatala cha ku Edmonton, ndiye ndinati ukwati udutse kaye. Unadutsa, iwe unabadwa, agogo ako anamwalira. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo Zengerezu ameneyo ndi bambo ako. Chaka chilichonse manyazi ankakula, mkanjo n'kumakwera pamwamba, kuchoka pahang'ala kupita mu sutikesi, kuchoka mu sutikesi kupita pamwamba pa wodilopu. Gareth ankanditumizira khadi la Khirisimasi, pansi pake n'kulemba kuti, "Mkanjo wathu uli ndi yani tsopano?" Sindinayankhepo. Zaka zisanu zitapita makhadi analeka. Ndinkadutsa ku Greenwich pabasi n'kumayang'ana mbali ina. Iwe utasankha koleji imeneyo mwa makoleji onse a mu London muno, ndinadziwa kuti zoona mlandu suwola.

Amayi ako ndiwo anandiphulitsa. Iwo nkhaniyi akhala akuidziwa chikwatiranireni. Tsiku lija unajambulitsa chithunzi, utatuluka kupita kwa anzako, anabwera kukhitchini atavala kale yunifolomu.

"Bambo a Tamanda, ndili ndi shifiti, ndiye ndinena kamodzi. Mwanayu akalowa pageti ndi chinthu chobedwa atanyada nacho, anzake n'kutembenuza kolala. Mukufuna adzamve kwa ndani?"

"Sindinabe, ndinangochedwa kubweza."

"Thirty years? Ngakhale a khonsolo sachedwa choncho. Mufuneni munthuyo."

Ndinalembera ofesi ya ophunzira akale kuti ifikitse kalata yanga kwa Colin. Ndinalemba zonse, osadzikometsera. Milungu iwiri kunali zii, ndipo ndinati ndi bwino, nanenso ndilawe. Kenaka Lachiwiri lapitali foni inalira ndili pa nkhomaliro kuntchito. Anali iyeyo. Ndi mphunzitsi wa masamu kwawo komwe kuja, ndipo chibwibwi chija chatsala pang'ono. Sanandipatse moni wautali.

"Kodi dzanja la kumanzere likadali ndi kachiboo ka kandulo?"

Ndinati kalipo. Ndinamufunsa kuti akukumbukira bwanji.

"Ndinauyang'ana chaka chonse mkanjo umenewo," anatero. "Ndinkadziwa pamene ndidzasoke dzina langa."

Ndinangoima pakhonde la chipatala, sangweji ili m'manja, mwamuna wa imvi. Iye anapitiriza kunena kuti Lamlungu lofikira atsopano, ophunzira akale amabwera kudzathandiza kunyamula katundu, ndipo chaka chino abwera. Adzakhala pageti fili koloko. Akufuna ndimuveke pomwepo. Adzayenda nawo mpaka m'holo, adzasoka dzina lake, kenaka adzaupereka kwa mkulu wa koleji kuti aupatse wophunzira wa chaka chomaliza amene alibe mkanjo wa mayina, mzere upitirire. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamufunse. Anangoti, "Usadwale."

Dzulo ndasoka dzina langa. Amayi ako anadzipereka kuti andisokere, ataona ndikulimbana ndi kulowetsa ulusi pa singano, magalasi ali pamphuno. Ndinakana, poti mwambo umati ndi manja ako. Ndadzibaya kanayi. Zilembo zake zapendama ngati mpanda wa chaka chatha, koma zikuwerengeka, ndipo pansi pake ndasiya malo a Colin. Gareth ndamulemberanso. Funso lake lija tsopano lili ndi yankho.

Ndiye mawa zikhala motere. Misa ikatha tidya, tilongedza galimoto, mabulangete onse atatu. Tikafika pageti pakakhala bambo wina wadazi, akuti adzavala jekete yobiriwira. Ine nditsika ndi mkanjo. Pakakhala makolo ena, anzako atsopano, mwina ndi mlonda akuyang'ana. Ndikudziwa kuti palibe mwana amene amafuna kuti tsiku lake loyamba bambo ake akachite zachilendo pagulu. Ukafuna, ukatsale m'galimoto ndi amayi ako, sindikudandaula. Koma pempho langa ndi loti ukaime pambali panga. Sindikuopa, ayi. Chiyambire sabata ino ndikugona tulo tabwino kuposa zaka zonsezi. Ndikungofuna ukaone ndi maso ako kuti munthu akhoza kulakwa kwambiri, n'kuchedwa kwambiri, koma n'kufikabe.

Za iwe sindikukayika ngakhale pang'ono. Ndakuona ukukula. Umagawa chakudya chako usanafunsidwe, umakangana poyera osasunga chakukhosi, ndipo ukalonjeza umafika, ngakhale mochedwa ndi mphindi makumi awiri ngati amayi ako. Maphunziro udzawatha, amenewo sindikulangiza n'komwe. Uzidya mothamanga. Uzifunsa. Nsapato pakhomo. Loweruka uzikhala komweko. Ndipo ukadzasowa chochita pakati pa zinthu ziwiri zabwino, monga ine pakati pa agogo ako ndi Colin, usadzadzitsekere m'chipinda n'kuganiza wekha. Udzapite kwa munthu amene zikumukhudza n'kumuuza zoona. Nthawi zambiri njira imakhalapo, koma manyazi ndi amene amaibisa.

Ukalowa m'holo mawa madzulo mapewa ali pamtunda, ngati mnzako aliyense watsopano. Ukakhala patebulo la kukhomo. Pamazizira, ukavale juzi. Chaka chikadzatha dzina lako lidzaitanidwa, udzaima pakati, ndipo wina amene lero sukumudziwa adzanyamuka n'kudzakuveka mkanjo wake. Umenewo udzakoma kuposa wa bambo ako, chifukwa adzakupatsa ndi munthu amene wakuona chaka chonse n'kukudziwa. Udzauvale zaka ziwiri mosangalala. Kenaka adzakupatsa mwana wako wa pakoleji, wamanyazi, wosadziwa kanyundo. Ndikudzidziwa ine. Nthawi imeneyo ndidzakhala nditakalamba pang'ono, ndipo ndikhoza kudzakuuza kuti ubwere nawo kunyumba tiujambule, amayi ako augwire. Udzandiyankhe kuti ngati ndikufuna kuuona ndikwere sitima ziwiri zija.

Ndikumva makiyi pakhomo, ndipo amayi ako akukunena za mtundu wa bulangete. Ndilekere pano.

M'sutikesi mwako, pakona pamene unasiya malo a mkanjo, ndaikapo kamvulopu. Muli singano imene yandibaya ija ndi ulusi wofiira wotsala. Ndi wokwanira dzina lako. Uusunge zaka zitatu, ndipo tsiku lake likadzafika, mwana wanga, ngakhale m'mimba mutadzatsegukadi, udzapite.

Ndine bambo ako,
amene mawa fili koloko akhala ali pageti.